Kusamala Pakati ndi Kuyamwitsa Khanda: Zokonza Pakhomo ndi Zothamangira Nazo Kuchipatala

Msambo ukadumpha ndipo mwatsimikiza kuti muli ndi pakati, yambani sikelo miyezi itatu isanathe. Amayi ambiri muno mu Lilongwe amadikira kuti mimba iyambe kaye kuoneka, ena poopa maso a anthu, ena poganizira mzere wa kuchipatala ndi ndalama ya minibasi. Koma ubongo ndi msana wa mwana zimaumbika m'masabata oyambirira omwewo, ndipo matenda ngati chindoko amakhala akuwononga kale mayi akudzimva kuti ali bwinobwino. Kale ankati maulendo anayi a sikelo akwana. Malangizo a mu 2016 a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, amene dziko lino likutsatira, amati maulendo akhale 8, ndipo ambiri mwa iwo amathinana chakumapeto, nthawi imene BP imakonda kukwera.

Lembani penapake tsiku limene msambo wanu womaliza unayamba, chifukwa anamwino adzayambira pomwepo kufunsa. Pa tsikulo onjezani masiku 7 ndi miyezi 9: ngati unayamba pa 10 Januwale, yembekezani kuchira cha pa 17 Okutobala. Ndi ochepa amene amachira pa tsiku lenilenilo. Mwana wobadwa kuyambira sabata ya 37 mpaka cha mu sabata ya 42 wabadwa pa nthawi yake.

Zimene mukalandire ku sikelo, ndi kamwedwe kake

Akakuyezani BP ndi magazi, funsani manambala ake ndipo onani kuti alembedwa m'buku lanu. BP ikafika 140 pa 90 kapena kupitirira, imeneyo si ya kutopa ndi ulendo ayi, iyenera kutsatidwa. Mlingo wa magazi ukatsika pansi pa 11, ndiye kuti magazi achepa. Adzakuyezaninso HIV ndi chindoko, ndipo apa bambo akunyumba ndi ofunika kukhalapo: mayi akalandira jakisoni wa chindoko yekha bambo osalandira, matendawo amabwerera pakhomo pomwepo.

Mapiritsi owonjezera magazi, amene ambiri amati fefol, ndi limodzi pa tsiku mpaka mutachira, ndi kupitiriza miyezi itatu pambuyo pake. Thupi la mayi woyembekezera limawonjezera magazi pafupifupi theka la amene linali nawo, ndipo nsima ndi ndiwo zokha sizikwanitsa ayironi yemwe akufunika. Amayi amasiya mapiritsiwa pa zifukwa zitatu: chimbudzi chimada, amachititsa nseru, ndipo amadzimbitsa. Kuda kwa chimbudzi si matenda. Nseru imachepa mukamamwa piritsi usiku mutadya. Musamwere tiyi kapena mkaka, chifukwa zimenezi zimatchinga ayironi kuti asalowe m'thupi. Tiyi wanu mumwe patadutsa ola limodzi kapena awiri. Bwemba, malambe, gwafa kapena madzi a mandimu ndi zimene zimathandiza ayironi kulowa.

Fansidar, kapena kuti SP, amayamba sabata ya 13 ikakwana: mapiritsi atatu nthawi imodzi, kumezera pamaso pa anamwino, kenako kubwereza pakadutsa mwezi, kosachepera katatu musanachire. Ena amadabwa kuti amwerenji mankhwala a malungo asakudwala. Tizilombo ta malungo timakabisala mu nsengwa, mayi osatentha thupi n'komwe, n'kumadya magazi ake ndi kukwinimbiritsa mwana. Mayi amene ali ndi HIV ndipo akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku samwa SP, chifukwa mankhwala awiriwa ndi a mtundu umodzi. Auzeni anamwino ngati akukupatsani asakudziwa. Pali piritsi la njoka zam'mimba lomwa kamodzi miyezi itatu ikadutsa, katemera wa kafumbata, ndi masikito. Masikitowo mumange usiku womwewo, osati kusungira mwana akadzabadwa.

Chakudya

Onjezani chakudya chimodzi pa zimene mumadya kale pa tsiku, ndipo yesetsani kuti dzuwa lisalowe musanakhudze magulu onse asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Sizifuna ndalama zambiri. M'mawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena la soya ngati Likuni Phala. Masana nsima ndi usipa ndi bonongwe. Chakumadzulo mbatata yachikasu kapena nthochi ndi kapu ya thobwa. Usiku nyemba ndi nkhwani wotendera. Usipa ndi matemba n'zabwino kuposa momwe anthu amaziganizira, chifukwa mumadya ndi minga yomwe, ndipo m'mingamo ndi momwe muli zomanga mafupa. Mgaiwa umaposa ufa woyera, umene gaga wake wachotsedwa pamodzi ndi zabwino zambiri.

Masamba musawaphike mpaka kufuwa, ndipo chepetsani soda kapena chidulo, chifukwa zimapha mavitamini. Mtedza wa nsinjiro muusankhe musanasinje: wachuku, wofota ndi wowawa tayani, chifukwa chukucho chili ndi poizoni wowononga chiwindi yemwe safa ndi moto. Mchere ukhale wa m'paketi wokhala ndi ayodini. Mkaka wogula kwa alimi muuwiritse, kanyenya ndi mazira zipse mpaka mkati, ndipo madzi akumwa a pachitsime kapena osungidwa mu ndowa muwiritse kapena muthire klorini. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inakhudzanso mzinda uno.

Zoti mayi woyembekezera akadya mazira mwana adzabadwa wopanda tsitsi si zoona, ndipo dzira limodzi pa tsiku ndi ndiwo yabwino kwambiri imene thumba laling'ono lingakwanitse. Palinso amene amadzimana chakudya kuti mwana asakule, poopa opareshoni. Kudzimanako sikukulitsa njira. Kumangofooketsa mayi amene akufunika mphamvu ndi magazi tsiku lochira. Mayi wa thupi lapakatikati amawonjezera makilogalamu cha pakati pa 11 ndi 16 pa mimba yonse.

Chilakolako cha dothi n'chofala, moti limagulitsidwa m'misika. Nthawi zambiri chimasonyeza kuti magazi achepa. Dothilo limabweretsa njoka zam'mimba, limadzimbitsa, ndipo limatchinganso ayironi yemwe thupi likusowayo. Musachite manyazi kuwauza anamwino kuti akuyezeni.

Zovuta zimene mungathane nazo pakhomo

Nseru ya miyezi itatu yoyamba imakula m'mimba mukakhala mulibe kanthu. Ikani chouma pafupi ndi pogona, monga chidutswa cha buledi kapena mbatata yootcha, mudye musanadzuke. Idyani pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu n'kamodzi, ndipo madzi mumwe pakati pa zakudya. Madzi a jinja amathandiza. Koma ngati chilichonse chikubwerera, ndi madzi omwe, kwa tsiku lathunthu, pitani kuchipatala.

Chilungulira chimabwera chakumapeto chifukwa chiberekero chikukankha chifu. Idyani mgonero maola awiri kapena atatu musanagone, chepetsani tsabola ndi zokazinga, ndipo kwezani kumutu ndi mapilo. Kudzimbidwa kumamvera madzi okwanira makapu 8 kapena 10 pa tsiku, papaya wakupsa, mango ndi masamba. Mapazi akatupa madzulo n'kuphwa m'mawa, ingowakwezani pa mpando mukakhala. Kuyambira sabata ya 28 muzigona cham'mbali, pilo kapena chitenje chopinda pakati pa mawondo. Kugona chagada kumachititsa chiberekero kupsinja mtsempha waukulu wobweza magazi kumtima.

Kugwira ntchito sikuletsedwa, ndipo kuyenda pansi mphindi 30 pa tsiku n'kwabwino. Cholekeratu ndi kusenza chidebe cha malita 20 kapena thumba la chimanga. Potola chinthu pansi pindani mawondo, osati msana. Kabaza wa njinga yamoto m'misewu ya mabampu mupewe momwe mungathere, makamaka mimba ikakula, chifukwa kugwa ndiye choopsa. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye musalowetse mbaula m'chipinda chotseka. Mpweya wa makala sununkha koma umapha, ndipo mwana wam'mimba ndiye amayamba kuvutika.

Pa mankhwala, Panado ndi amene mungamwe pa mutu kapena msana. Brufen, Indocid, aspirin ndi makapisozi a pagolosale asiyeni, pokhapokha adokotala atakulemberani akudziwa kuti ndinu woyembekezera. Mowa ulibe mlingo wabwino pa mimba, kaya ndi wa botolo, masese kapena kachasu. Ndipo mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda, amene ambiri amawadziwa kuti mwanamphepo, musamwe ngakhale atabwera ndi mayi anu okubalani. Amakungitsa chiberekero mwamphamvu khomo lisanatseguke. Mwana amabanika, ndipo chiberekero chikhoza kuphulika. Ngati mwamwa kale, auzeni azamba chilungamo mukangofika kuti adziwe chochita.

Izi zokha musagone nazo

Magazi otuluka kumaliseche, ochepa kapena ambiri. Mutu waukulu wosamva Panado, pamodzi ndi kuona zinthu mwachimbuuzi kapena kupweteka pansi pa nthiti za kumanja. Kutupa nkhope ndi manja, mphete n'kukana kuvuka. Kukomoka. Kutentha thupi. Kusweka kwa nsupa matenda asanayambe, ngakhale palibe chikupweteka. Kupuma mobanika ndi kuyera m'manja. Mwana kuchepetsa kugunda: amayamba kumveka cha mu sabata ya 18 mpaka 20, ndipo pofika miyezi 7 mumakhala mukudziwa kale nthawi zake. Akasintha, musadikire kuti kuche. Zoti mwana amasiya kusewera akatsala pang'ono kubadwa ndi bodza limene lapweteka ambiri.

Mwezi wa 7 usanathe chikwama chikhale chomanga: buku la sikelo, zitenje zochapa ndi kusita zosachepera zisanu, pepala la pulasitiki loyala, beseni, sopo, mapadi, tochi, chipewa, masokosi ndi bulangete la mwana. Anamwino a chipatala chanu adzakuuzani ngati pali zina. Ndalama ya galimoto ya usiku isiyanitseni ndi ya ndiwo, ndipo nambala ya woyendetsa ikhale mu foni ya bambo ndi ya wokudikirirani. Zipatala zing'onozing'ono ngati za Kawale kapena Area 18 zikaona vuto zimatumiza ku Bwaila kapena ku Ethel Mutharika pa Kamuzu Central. Ngati munachitidwapo opareshoni, muli ndi mapasa, BP ndi yokwera kapena mwana wakhala mopingasa, funsiranitu kumene muyenera kukachilira. Okhala kutali, kumidzi ya ku Kabudula kapena kupitirira Mitundu, apite ku chidikiro masiku akayandikira.

Ola loyamba ndi masiku atatu oyamba

Mwana akangobadwa n'kupukutidwa, agonekedwe pachifuwa panu khungu kukhudza khungu, afunditsidwe ndi chitenje ndi kuvekedwa chipewa. Ayamwe ola lisanathe. Kuyamwako kumathandizanso inu, chifukwa kumakungitsa chiberekero kuti magazi asatayike ambiri. N'chifukwa chake m'mimba mumapota mukamayamwitsa masiku oyamba. Kusambitsa mwana kudikire maola 24. Wochitidwa opareshoni apemphe kuti amuikire mwana pabere akangotsitsimuka.

Mkaka woyamba ndi wachikasu, wolimba, ndipo umatuluka madontho. Apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa: amafinya bere, n'kuona kuti sukutuluka ngati wa ng'ombe, n'kuthamangira madzi a shuga kapena mkaka wa m'chitini. Chifu cha khanda tsiku loyamba chimalandira mamililita 5 mpaka 7 pa nthawi, kutanthauza supuni yaing'ono imodzi basi. Madonthowo akwana, ndipo ndi amene ali ndi chitetezo ku matenda komanso amatsuka chimbudzi chakuda choyamba chija. Mkaka wambiri umabwera tsiku lachitatu kapena lachinayi, ndipo umabwera msanga mwana akamayamwa pafupipafupi. Mukamukhutitsa ndi zina, sayamwa. Akapanda kuyamwa, mkaka umachedwadi, ndiye anthu n'kumati mayiyu alibe mkaka.

Lamulo la bere ndi limodzi: limapanga mkaka molingana ndi umene wachotsedwamo. Khanda liyamwe ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24, usiku womwe, chifukwa usiku ndi pamene thupi limatulutsa kwambiri michere yopangitsa mkaka. Musadikire kulira. Akayamba kutembenuza mutu, kuyasama ndi kuika chala mkamwa, ndiye kuti njala yafika. Wolira kale amavuta kugwira bere. Masabata awiri oyamba, akagona kupitirira maola atatu mumudzutse.

Kagwiridwe ka bere

Pafupifupi mavuto onse a kuyamwitsa, zilonda, kutupa, mwana wosakhuta, amayambira pano, choncho n'koyenera kutayapo nthawi.

Khalani motsamira, msana uli ndi pochirikiza. Mwana abwere kwa inu, inu musaweramire kwa iye. Mimba yake ikhudze mimba yanu. Khutu, phewa ndi chiuno chake zikhale pa mzere umodzi, osati thupi kuyang'ana kudenga mutu wokha n'kupotokera kubere. Yesani kumeza madzi khosi litapotoka muone. Dzanja lanu ligwire thupi lonse mpaka kumatako, osati mutu wokha. Mphuno yake iyang'anizane ndi nsonga ya bere.

Bere ligwireni ndi zala zinayi pansi, chala chachikulu pamwamba, kutali ndi pakuda paja. Kupana nsonga pakati pa zala ziwiri, monga ambiri amachitira, kumatchinga mwana kuti asalowetse bere lokwanira. Khudzitsani nsonga pa mlomo wake wam'mwamba, ndipo dikirani. Akayasama kwambiri ngati akuyasamula, mukokereni kwa inu msanga, chibwano chiyambe kufika pabere.

Wagwira bwino mukaona zinthu zinayi izi: kamwa layasama kwambiri, mlomo wam'munsi wapindikira kunja, chibwano chakhudza bere, ndipo pakuda pakuoneka kwambiri pamwamba pa kamwa kuposa pansi. Masaya amakhala odzaza, amakoka mwakuya ndi mopumira, ndipo mumamva akumeza. Ngati masaya akulowa mkati, akumveka kutsotsa, kapena nsonga ikutuluka yophwatalala, ndiye kuti akutafuna nsonga yokha. Kupweteka pang'ono poyamba kugwira masiku oyamba kumachitika, koma ululu wopitirira mpaka kumaliza si woti mupirire. Lowetsani kachala kanu kakang'ono, koyera, pakona ya kamwa lake kuti asiye, muyambirenso. Musasolole bere akadali chigwirire.

Msiyeni amalize bere limodzi mpaka alisiye yekha, kenako mupatseni linalo. Ulendo wotsatira muyambe ndi limene munamalizira. Mkaka woyamba kutuluka ndi wamadzimadzi, umapha ludzu, ndipo mafuta amachuluka bere likamapepuka. Mwana wongosinthidwasinthidwa mabere mphindi ziwiri zilizonse sachedwa kumvanso njala. Akamaliza, mukhazikeni paphewa ndi kumusisita pamsana kuti ageye.

Kodi akukhuta?

Yankho lili m'matewera, osati m'kulira kwake kapena kukula kwa mabere. Tsiku loyamba thewera lonyowa limodzi, lachiwiri awiri, ndipo kuyambira tsiku lachisanu asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, mkodzo wosada. Chimbudzi chimachoka pa chakuda, n'kukhala chobiriwirako, n'kufika pa chachikasu chofewa pofika tsiku lachisanu. Makanda amatsika sikelo masiku oyamba, koma asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo pofika masabata awiri akhale atabwerera pa sikelo yobadwa nayo. Pamakhala masiku amene mwana amangofuna bere ola lililonse, makamaka madzulo komanso cha pa masabata atatu ndi asanu ndi limodzi. Sikuti mkaka watha. Akukula, ndipo akuitanitsa wina. Pakadutsa masiku awiri kapena atatu zimakhazikika. Mabere kufewa pakatha masabata angapo si kuuma, ndi thupi kuti lazolowera mlingo wa mwanayo.

Kuyamwitsa mwakathithi ndi miyezi 6 popanda madzi, phala, tiyi, gripe water kapena mankhwala achikuda. Ololedwa ndi mankhwala a kuchipatala okha. Ngakhale m'kutentha kwa Okutobala mwana safuna madzi, chifukwa mkaka wa m'mawere pafupifupi magawo 9 mwa 10 ndi madzi kale. Womwa madzi akhale mayi. Agogo akanena kuti mwana akulira ndi njala, apatsidwe phala, amanena mwachikondi, ndipo kukangana nawo sikuthandiza. Atengeni ku sikelo akaone okha mzere wa mwana ukukwera ndi kumva kwa anamwino. Liwombo kugunda n'kwachibadwa. Likalowa mkati, mwana wataya madzi m'thupi. Likatukuka, akhoza kukhala ndi matenda a muubongo. Zonse ziwiri n'za kuchipatala, osati zomata mankhwala pamutu.

Bere likavuta

Mabere onse awiri akalimba, kutentha ndi kunyezimira cha pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu, ndiye kuti mkaka wabwera ndipo sukuchoka mokwanira. Mwana amaterereka chifukwa pakuda pakungika. Ikani kansalu kofunda mphindi zochepa, finyani mkaka pang'ono kuti pakuda pafewe, mumuike. Akamaliza ikani kansalu konyowa ndi madzi ozizira. Zimatha tsiku limodzi kapena awiri.

Zilonda za pansonga zimachira mukakonza kagwiridwe, osati mukasiya kuyamwitsa. Pakani dontho la mkaka wanu pachilondapo, muumitse ndi mpweya. Sopo ndi spiriti zimaumitsa khungu n'kuling'amba; kusamba kwa tsiku ndi tsiku n'kokwanira. Ngati nsonga zikuyabwa ndi kuotcha ndipo mkamwa mwa mwana muli zoyera zosapukutika, nonse awiri mufunika mankhwala.

Kambulu kolimba pamalo amodzi ndi njira ya mkaka imene yatsekeka, kawirikawiri chifukwa cha bra yothina kapena kudumphitsa nthawi yoyamwitsa. Pitirizani kuyamwitsa bere lomwelo, sisitani mopepuka, musakanye mwamphamvu chifukwa mumatupitsa mkati. Pakafiira, thupi n'kutentha ndi kuphwanya ngati malungo, yamwitsanibe, pumani, imwani Panado; mkakawo suvulaza mwana. Zikapanda kusintha pa maola 24, pitani mukalandire mankhwala, chifukwa kuchedwa kumabweretsa chithupsa chofuna kutumbula.

Mayi amene ali ndi HIV amayamwitsa mwakathithi miyezi 6 ngati wina aliyense, n'kupitiriza pamodzi ndi zakudya zina monga achipatala amulangizira, malinga akumwa ma ARV tsiku lililonse. Chiyambire 2011 dziko lino limayambitsa ma ARV kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo. Mwana amamwa mankhwala ake amadzi masabata 6 oyamba, n'kuyezedwa pa masabata 6, miyezi 12 ndi miyezi 24. Choopsa ndi kusakaniza bere ndi phala kapena madzi miyezi 6 isanakwane, chifukwa zimakanda matumbo a mwana n'kutsegulira kachilombo njira. Bere likachita chilonda chotuluka magazi kapena likatupa, mayiyu ayamwitse linalo, lodwalalo azifinya n'kutaya, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Amene anapezeka alibe kachilombo ayezetsenso akuyamwitsa.

Kufinya, ndi kubwerera ku ntchito

Lamulo la ntchito la mu 2000 limapatsa mayi masabata osachepera 8 a tchuthi cholipidwa, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kusintha kwa mu 2021 kunawonjezera nthawi yoyamwitsa pa ntchito komanso masabata awiri a tchuthi cha bambo. Masabata 8 ndi ochepa poyerekeza ndi miyezi 6, ndiye yambani kuphunzira kufinya kutatsala masabata awiri. Wa geni ya pamsika amene angathe kubereka mwana kumbuyo ali ndi mwayi pamenepa.

Sambani m'manja ndi sopo. Kapu ya chivindikiro muitsuke ndi kuithira madzi owira. Ikani chala chachikulu pamwamba m'mphepete mwa pakuda, chala cholozera pansi moyang'anizana nacho. Kankhirani zala mkati cha kuchifuwa, panani, masulani, n'kumabwereza. Zala zisatsetsereke pakhungu ndipo musakoke nsonga. Zungulirani bere lonse, sinthani mabere mphindi zitatu kapena zisanu zilizonse, kwa mphindi 20 mpaka 30. Poyamba umatuluka wochepa. M'mawa ndi pamene umachuluka. Mwana wa mwezi umodzi kupita m'tsogolo amamwa mamililita 60 mpaka 120 pa nthawi.

Mkaka wofinya umakhala maola 4 pamalo ozizirira m'nyumba. Kuika kapuyo m'mbale ya madzi ozizira kumathandiza nthawi yotentha. Mufiriji umakhala masiku atatu kapena anayi, chakumbuyo osati pachitseko, koma magetsi akazima nthawi yaitali firiji n'kufunda, musauwerengerenso masiku amenewo. Poutenthetsa imikani kapu m'madzi ofunda; musauwiritse. Ukalekana mafuta pamwamba sunawonongeke, ingougwedezani pang'ono. Wolera mwana amwetse ndi kakapu: amukhazike chotsamira, kapu ikhudze mlomo wam'munsi, aipendeke mpaka mkaka ufike pamlomo, mwana azimwa yekha, osamuthira mkamwa. Botolo limavuta kutsuka ndipo ndi gwero la kutsegula m'mimba. Mkaka wa m'bere susasa chifukwa mwachokapo tsiku lonse. Mukafika, sambani m'manja mumuyamwitse.

Mayi ndi mwana m'masabata 6 oyamba

Woyamwitsa awonjezere zakudya ziwiri pa tsiku, ndipo kapu ya madzi kapena thobwa ikhale pafupi nthawi iliyonse akakhala pansi ndi mwana. Kuchapa matewera, kutunga madzi ndi kuphika ndi ntchito za bambo ndi achibale masabata amenewa. Mchombo ukhale wouma, thewera limangidwe pansi pake; musapakepo phulusa, mafuta kapena china chilichonse kupatula chlorhexidine ngati achipatala akupatsani. Wobadwa wosakwana makilogalamu 2.5 amangidwe pachifuwa mwa njira ya kangaru usana ndi usiku, ndipo bambo akhoza kulandizana ndi mayi. Mwana azigona chagada, m'masikito.

Musadikire kutuluka m'chikuta ngati khanda likukana bere, lafooka, latentha kapena lazizira, likupuma ka 60 kapena kuposerapo pa mphindi, nthiti zikulowa mkati, lakomoka, mchombo wafiira kapena ukutuluka mafinya, kapena lachita chikasu tsiku loyamba kapena mpaka m'manja ndi kumapazi. Kwa mayi: magazi odzaza padi ola lisanathe, zotuluka zonunkha, kutentha thupi, mutu waukulu, kapena mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka. Kulira popanda chifukwa masiku oyamba kumagwira amayi ambiri ndipo kumatha. Kukapitirira masabata awiri, tulo osabwera ngakhale mwana wagona, mwanayo osamufuna kapena kuganiza zodzipweteka, amenewo ndi matenda ndipo ali ndi thandizo lake. Wapafupi amuperekeze kuchipatala.

Pitani mukaonedwe masiku onse amene anamwino alemba, makamaka pa sabata imodzi ndi pa masabata 6. Katemera wa BCG ndi madontho a poliyo amaperekedwa pobadwa, ndipo pa masabata 6 mwana amayamba akatemera ena. Ulendo womwewo kambiranani za kulera. Kuyamwitsa kumateteza ku mimba pokhapokha zinthu zitatu zili pamodzi: mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa mwakathithi usana ndi usiku, ndipo msambo sunabwerere. Chimodzi chikasowa, chitetezo chatha. Jakisoni wa Depo, ka pamkono, lupu ndi makondomu sizichepetsa mkaka. Mapiritsi a mphamvu ziwiri ndiwo amauchepetsa, choncho nenani kuti mukuyamwitsa asanakupatseni. Thupi limafuna zaka ziwiri lisanatenge mimba ina, koma ikabwera msanga musamuchotse mwana kubere mwadzidzidzi. Mkakawo sunawonongeke, ingowonjezerani chakudya chanu ndi kuyamba sikelo.